Za yellow dock root ija achemwali, kayezetseni magazi kaye

Achemwali ndaona funso lanu lija, mwati mukumva kufooka ndi chizungulire, wina wakuuzani kuti magazi achepa ndiye mukufuna kugula yellow dock root poti pa TikTok akuti imawonjezera magazi ndikutsuka chiwindi, komanso mukufunsa komwe imapezeka kuno ku Joni. Ine ndiyankha za magazizo ndi za m'mimba chifukwa ndizomwe zinatigwera pakhomo pathu.

Chomerachi sichachilendo ayi. Dzina lake la sayansi ndi Rumex crispus, kwawo ndi ku Ulaya ndi mbali ina ya Asia koma chinafalikira ngati tchire, ngakhale kuno ku South Africa chimamera chokha malo achinyezi mphepete mwa ngalande, masamba ake ataliatali opindikapindika m'mbali ndipo muzu wake mukaudula mkati mwake ndi mwachikasu, owawa kwambiri. Ntchito yake yeniyeni ndiyotsegula m'mimba basi. Muzuwo uli ndi ma anthraquinone, gulu lomwelo lomwe lili mu senna ndi mu aloe, amakankha matumbo kuti munthu apite kuchimbudzi, ndiye odzimbidwa akamwa usiku m'mawa zimayenda. Anthu akaona kuti atsegula m'mimba amati zoipa zikutuluka, thupi likuyera, koma kumeneko sikutsuka chiwindi, ndi matumbo chabe akugwira ntchito mokakamizidwa.

Za ayironi zija ndipomwe anthu akupusitsidwa kwambiri. Inde muzuwo uli nayo pang'ono, koma yomwe ingalowe m'thupi kuchokera mu kapu imodzi kapena timadontho ta m'kabotolo ndi yochepetsetsa poyerekeza ndi piritsi limodzi la ferrous sulphate la 200mg lomwe limakhala ndi ayironi pafupifupi 65mg. Kuonjezera apo muzuwo uli ndi tannin ngati wa mu tiyi, ndipo tannin amatchinga ayironi kuti isalowe bwino m'magazi. Azungu okonda zitsamba amauphika ndi molasses, uchi wakuda uja wotsalira popanga shuga wa nzimbe, kupanga ka syrup, ayironi yambiri mmenemo imachokera ku molasses yo.

Mlamu wanga anachita ndendende zomwe mukufuna kuchitazi. Anagula makapisozi kwa mayi wina wogulitsa ma herbal pa WhatsApp, akumwa m'mawa ndi madzulo kwa nthawi ndithu, m'mimba mukupota, kuchimbudzi pafupipafupi, ogulitsawo akumuuza kuti apitirize ndi chizindikiro choti mankhwala akugwira. Chomwe sanafunsidwe ndichoti amamwa mapiritsi a BP aja okodzetsa, HCTZ. Mapiritsi amenewo amachotsa kale potaziyamu m'thupi ndiye kuphatikiza ndi kutsegula m'mimba tsiku ndi tsiku, miyendo inayamba kukokana, mtima kugunda mosalongosoka, tinachita kumunyamula kupita naye kuchipatala usiku ali wofookeratu. Atamuyeza magazi anali ochepabe kuposa poyamba, ndipo gwero lake linapezeka kuti ndi ma fibroid, zotupa za m'chiberekero, amataya magazi ambiri akakhala kumwezi. Miyezi yonseyo amathira mankhwala pamwamba pomwe magazi akutayikira pansi. Mpaka lero ndikaganiza zimandipweteka mtima chifukwa akanangopita ku clinic poyamba pomwe sakanavutika chonchija.

Ndiye amene alemba pamwambapa kuti ndi zachilengedwe sizingakupwetekeni, pepani abale koma musamawauze anthu choncho. Chinangwa chowawa nachonso ndi chachilengedwe koma mukadya chosaviika mukudziwa zomwe zimachitika. Chomerachi chili ndi oxalate, makamaka m'masamba, amene amathandizira timiyala ta mu impso, ndipo ku Spain kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 bambo wina anamwalira atadya supu ya masamba ake ochuluka. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa musayerekeze nkomwe. Ngati munadwalapo impso, kapena mumamwa Lasix wokodzetsa, digoxin wa mtima kaya warfarin woletsa magazi kuundana, chimodzimodzi, chisiyeni. Ana musawapatse. Ndipo amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV kaya mapiritsi olera, dziwani kuti kutsegula m'mimba kwambiri kumatha kupangitsa kuti mankhwalawo asalowe bwino m'thupi.

Inu pitani ku clinic mukapemphe akuyezeni Hb, muyeso woonetsa ngati magazi achepa, amangobaya pachala pokha mphindi zochepa mwadziwa. Kwa mzimayi yemwe sali oyembekezera pansi pa 12 ndiye kuti magazi achepa, oyembekezera ndi pansi pa 11, abambo 13. Akapeza kuti achepadi musangolandira mapiritsi nkunyamuka, afunseni chomwe chikuchepetsa. Muwauze ngati mumataya magazi ambiri kumwezi, komanso ngati mwangobwera kumene kuchokera kumudzi munene, chifukwa malungo, njoka zam'mimba ndi likodzo zonsezi zimamaliza magazi ndipo ma nurse akuno nthawi zina saziganizira msanga ukapanda kutchula kuti unali ku Malawi, makamaka ngati munasamba kunyanja.

Mitengo yake, kabotolo ka yellow dock m'ma health shop kapena pa intaneti ndinkakaona cha m'ma R200 kupita m'mwamba kutengera kampani, mlamu wanga analipira yoposa pamenepo kwa mayi uja. Mapiritsi a ayironi ku clinic ya boma amangopereka, ku pharmacy nako ndi otchipa kwambiri kuposa kabotoloko. Amadetsa chimbudzi, chimakhala chakuda, musadabwe nazo, ena amadzimbidwa nawo koma mukamamwa madzi ambiri ndikudya papaya zimakhala bwino, ndipo amafunika kumwa miyezi ingapo osati sabata imodzi nkusiya poti mwayamba kupeza bwino.

Ngati mukuifunabe yellow dock yo chifukwa cha kudzimbidwa kokha, ndipo mulibe mavuto ndatchulawa, gulani yolembedwa Rumex crispus pabotolo ndi mlingo wake, osati ufa wa m'timapepala topanda dzina, musapitirire sabata imodzi chifukwa matumbo amazolowera kukankhidwa. Osakazula nokha mphepete mwa msewu, m'ngalande za kuno mumayenda zonyansa zambiri.

China chomwe ambiri sitichilabadira ndi tiyi. Ife timakonda kutsitsira chakudya ndi tiyi wamphamvu, pomwe munthu wa magazi ochepa amayenera kusiyanitsa tiyi ndi chakudya kapena piritsi lake ndi ola limodzi kapena awiri. Idyani chiwindi, usipa, nyemba ndi bonongwe, pambali pakhale lalanje, gwafa kapena madzi a malambe chifukwa vitamini C amathandiza kuti ayironi ilowe. Usipa ndi ufa wa malambe anthu amabwera nazo pa mabasi ochokera kumudzi, mukafunsa m'gulu momwemuno simusowa wogulitsa.