Dzino anazula koma nsagwada ikutupabe: yankho kwa mayi wa ku Ngabu

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera pa imelo za mlongo wake wamng'ono. Kalatayo ndaifupikitsa, koma mawu ndi ake:

"Mlongo wanga ali ndi zaka 27, amapalasa kabaza. Nsagwada yake ya m'munsi, mbali ya kumanzere, inayamba kutupa chaka chatha nthawi yokolola thonje. Sichimupweteka. Anapita kuchipatala, anamuzula dzino lakumbuyo lomwe linkagwedera, anamupatsanso makapisozi kawiri konse, koma chotupacho chikungokulirakulira, pano chafika ngati ndimu. Mphini anatemera, sizinathandize. Tsopano amupatsa kalata yoti apite ku Queens akamujambule ndi kumudula kanyama kokayeza. Amalume akukana, akuti chotupa ukachikhudza ndi mpeni chimalusa n'kufalikira thupi lonse. Kodi dokotala wa mano sangadziwe matenda pongoyang'ana? Nanga poti sichipweteka, sitingadikire kaye mpaka tipeze ndalama?"

Amayi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza. Musadikire. Pa zonse zimene mwalemba, chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chomwecho chimene chikukulimbitsani mtima, chakuti sichipweteka. Dzino likaola n'kuchita mafinya limapweteka kwadzaoneni, munthu sagona, tsaya limatupa m'masiku awiri kapena atatu, limatentha, ndipo dzinolo likazulidwa mafinya n'kutuluka, chotupa chimaphwa sabata isanathe. Chimenecho ndi chotupa cha tsiku ndi tsiku pa ntchito yathu ya mano. Koma chotupa cholimba chimene chakula pang'onopang'ono kwa chaka, chopanda ululu, chosamva makapisozi, chili m'kati mwa fupa lenilenilo. Dzino lija silinali mwini mlandu. Linkagwedera chifukwa chinthu china chinkadya fupa lozungulira mizu yake.

Pongoyang'ana timatha kudziwa zambiri, koma osati dzina la chotupa cha m'fupa. Ndikufotokozereni mmene timafufuzira, kuti muone pamene maso ndi manja zimathera.

Choyamba ndi mafunso, ndipo lalikulu ndi la nthawi. Chinayamba liti? Anthu kuno sitiwerenga miyezi kwenikweni, choncho ndimafunsa kuti chinayamba madzi asanasefukire kapena atasefukira, thonje lisanagulitsidwe kapena litagulitsidwa, monga mwachitira inu. Chotupa cha masiku, cha masabata, ndi cha zaka ndi matenda atatu osiyana. Kenako timafunsa zaka za wodwala, ngati amasuta kapena kuika fodya m'kamwa, ngati amamwa kachasu, ngati akuwonda, ngati anayezetsapo magazi a HIV.

Kenako manja. Timavala magolovesi, chala chimodzi m'kamwa, china panja pa tsaya, n'kumafinya nsagwada pakati. Tikufuna kumva ngati fupa lafufuma mbali ya ku tsaya yokha kapena ndi mbali ya ku lilime yomwe. Nthawi zina fupa limakhala litapyapyala kwambiri moti ukalidina limalowa pang'ono n'kubwerera, ukumva kathetheka pansi pa chala. Pamenepo timadziwa kuti m'kati muli mphako yaikulu. Timagogoda mano amodzi amodzi ndi chigwiriro cha kagalasi koonera m'kamwa, timawagwedeza, timaika kathonje kozizira kwambiri pa dzino kuti tione ngati lili lamoyo. Dzino lakufa, lobooka kapena lakuda, limatiuza kuti mwina chotupa chachokera kumizu kwake. Koma mano akakhala athunthu, osabooka, amoyo, nkhama zili bwino, chikhalirecho akugwedera kapena apendekeka, mutu umayamba kuganiza zina. Pomaliza timapapasa pansi pa chibwano ndi m'khosi kufuna mwanabere. Wofewa ndi wopweteka amasonyeza kuti thupi likulimbana ndi tizilombo. Wolimba, wosasuntha, wosapweteka ndi amene timamuopa, ngakhale kuno TB ya m'khosi nayo imatupitsa anabere.

Pali kuyeza kumodzi kumene mungachite nokha madzulo ano. Tengani kathonje koyera, muuzeni mlongo wanuyo atsinzine, mumukhudze pang'ono pa mlomo wa m'munsi ndi pa chibwano, kumanja kenako kumanzere, mumufunse ngati akumva mofanana. M'kati mwa nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha umene umatulukira cha pakati pa mano a m'mbali n'kupita ku mlomo ndi chibwano. Chotupa chofatsa chimangoukankhira pambali mtsemphawo, munthu n'kumamvabe bwinobwino. Khansa, kapena matenda oola fupa, zimaugwira, mlomo n'kuchita dzanzi. Ngati akumva dzanzi mbali yotupayo, ulendo wa ku Blantyre ukhale wa sabata ino, ndipo akafika anene zimenezi asanafunsidwe.

Apa ndi pamene chipatala cha kwathu kuno chimathera mphamvu. Kachithunzi kakang'ono ka X-ray kamene timaika m'kamwa kamaonetsa mano awiri kapena atatu basi. Chotupa chonga cha mlongo wanu chimafuna chithunzi chachitali chimene makina ake amazungulira mutu n'kujambula nsagwada zonse ziwiri, kuchokera khutu ili mpaka linzake. Timachitcha OPG. Chotupa chikakhala chachikulu amawonjezera sikani ya CT kuti aone ngati chaboola fupa. Pa chithunzi timayang'ana ngati mphakoyo ili ndi malire ooneka bwino kapena odyekadyeka, ngati ndi chipinda chimodzi kapena zipinda zambiri, ngati mizu ya mano yadyeka, ndiponso ngati muli dzino lomwe silinatuluke.

Matenda a munthu amene sindinamuone sindingawatchule dzina pa imelo, ndipo aliyense amene angakuuzeni dzina asanamujambule akungolota. Koma ndingakuuzeni zimene madokotala akakhale akuziganizira. Mwina ndi thumba la madzi lomwe limamera kumizu ya dzino lakufa, kapena mozungulira dzino lakumapeto lomwe linakanirira m'fupa. Matumba amenewa amachotsedwa mosavuta kwenikweni, fupa n'kudzaza lokha. Mwinanso ndi chotupa chotchedwa ameloblastoma, ndipo zaka za mlongo wanu, malo a chotupacho, ndi kakulidwe kake zikugwirizana nacho. Chimachokera ku timaselo totsalira pa timene tinapanga chikuto cholimba cha mano munthu ali mwana. Pa 10 zilizonse, pafupifupi 8 zimamera m'nsagwada ya m'munsi, makamaka kumbuyo, ndipo pa chithunzi nthawi zambiri chimaoneka ngati thovu la sopo, timabowo tambirimbiri togundana. Si khansa, sichikonda kuthamangira ku ziwalo zina. Vuto lake ndi lakuti sichisiya kukula, ndipo chimalowerera m'fupa kupitirira malire amene akuoneka pa chithunzi. Ukangochipala chimabwereranso, mwina patapita zaka. N'chifukwa chake madokotala a opaleshoni amachotsa chotupacho pamodzi ndi fupa labwino lozungulira, pafupifupi sentimita imodzi mbali zonse.

Werengani nokha tanthauzo la zimenezi. Chotupa chikakhala chaching'ono, amachotsa kagawo, m'mphepete mwa nsagwada n'kutsala, nkhope osasintha. Chikakula, amachotsa theka la nsagwada n'kuikapo chitsulo, mwina ndi fupa lochokera m'chiuno kapena m'nthiti, munthu n'kuyambiranso kuphunzira kutafuna. Miyezi imene mukufuna kudikirayo ndi imene ingasankhe pakati pa maopaleshoni awiriwa.

Tsopano nkhani ya amalume. Mantha awo sindikuwaseka, chifukwa ali ndi pochokera. Ambiri a ife tinaonapo munthu amene anakadulidwa kanyama ku Blantyre, n'kubwerera, miyezi itatu isanathe maliro. Koma taganizani kuti munthu ameneyo anapita liti. Anapita chotupa chitaphulika, atalephera kudya, atazungulira kwa asing'anga chaka chonse. Matenda anali atafalikira kale, kanyamako kanangowaulula. Kudula kwake n'kochepa: amabaya jekeseni wa dzanzi ngati wozulira dzino, amayamba alowetsa singano kuti aone chimene chituluke, kaya madzi achikasu, kaya mafinya, kaya magazi, kenako amatsegula pang'ono nkhama n'kutengapo kachidutswa kosaposa njere ya nandolo, n'kusoka. Kachidutswako amakaika m'botolo la mankhwala n'kutumiza ku labotale, kumene katswiri amakaunika ndi maikulosikopu. Ndiye yekhayo amene angasiyanitse thumba la madzi, ameloblastoma ndi khansa, matenda atatu amene pa tsaya amaoneka chimodzimodzi koma chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Ndipo ngati nkhani ndi mpeni, mphini zija nazo ndi mpeni, wosaphikidwa n'komwe, wodula khungu pamene matenda ali m'fupa.

Langizo langa, musalimbane nawo amalume pa bwalo. Apempheni aperekeze mphwawo kwa amene analemba kalatayo, akafunse okha, akaonenso chithunzi chikadzatuluka. Akuluakulu ambiri amafewa akaona mphako ya m'fupa ndi maso awo.

Za kuzula dzino kuja, sindinena kuti amene anazula analakwa, poti sindinalipo. Ogwira ntchito ya mano m'boma lonse amakhala ochepa kwambiri, mzere umafika panja, ndipo pafupifupi onse a pa mzerewo akufunadi kuzulidwa. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano a digiri mu 2019, ku College of Medicine yomwe pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ndondomeko ya boma ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Zinthu zikuyenda, koma sizinafike ku Ngabu. Komabe kwa anzanga a ntchito ndinene mosabisa: dzino logwedera lopanda bowo, pa fupa lofufuma, musalizule musanajambule. Ndipo wodwala akabwera kachiwiri chotupa chisanaphwe, makapisozi achiwiri ndi kungomuchedwetsa.

Kwa ena amene mukuwerenga, pali chotupa china cha nsagwada chimene ife a kuchigwa tiyenera kuchidziwa kuposa a kumtunda. Chimagwira ana, makamaka osakwana zaka 10, ndipo sichidikira chaka. Tsaya limatupa m'masabata awiri kapena atatu, mano amagwedera n'kutakasuka, nthawi zina diso limatuzuka kapena mimba imatupa. Imeneyi ndi khansa ya Burkitt. Dokotala wina wa opaleshoni, Denis Burkitt, anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958, ndipo mu 1961 anayenda pa galimoto m'zipatala za maiko angapo, kuphatikiza Nyasaland, kufunsa kumene ana oterewa amachokera. Anapeza kuti amachuluka m'madera otsika, otentha, a chinyontho, osati m'mapiri ozizira. Pambuyo pake zinadziwika kuti malungo obwerezabwereza ndi kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kanapezeka mu 1964, ndi zimene zimagwirizana poyambitsa matendawa. Chikwawa ndi Nsanje ndi dera lenilenilo la udzudzu. Khansa imeneyi imakula msanga kuposa ina iliyonse, komanso imamva mankhwala modabwitsa, chotupa chimayamba kuphwa m'masiku ochepa. Ku wodi ya ana ku Queens akhala akuichiza kwa zaka zambiri. Mwana wotere asazulidwe dzino, ndipo musamangoti ndi matsagwidi. Matsagwidi amatupa kutsogolo ndi pansi pa khutu, amapweteka, sagwedeza mano, ndipo amatha okha sabata imodzi kapena ziwiri.

Za m'kamwa mwenimweni ndinene mwachidule. Chilonda cha pa lilime, pansi pa lilime kapena m'tsaya chimene chatha masabata atatu osapola chionedwe, makamaka kwa agogo oika fodya kunkhama ndi abambo a kachasu. Zigamba zofiirira modera kumwamba kwa m'kamwa zimatha kukhala khansa ya Kaposi, ndipo zoyera zopalika n'kusiya pofiira nthawi zambiri zimabwera chitetezo chikatsika; zonsezi zimafuna kuyezetsa HIV. Mwana wonyentchera, makamaka amene wangodwala chikuku, akayamba kununkha m'kamwa, nkhama n'kuda, tsaya n'kutupa, ndi wa ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda a noma amaboola tsaya m'masiku ochepa. Koma mano a mathothomathotho ofiirira amene timawaona kwambiri cha ku Bangula si kuola ayi, ndi mchere wa fluoride wochuluka m'madzi a mijigo ina. Amanyansitsa kumwetulira koma satupitsa nsagwada.

Tibwerere kwa mlongo wanu. Ulendo wokwera phiri pa Thabwa ndi ndalama, ndipo wa kabaza akasiya njinga tsiku limodzi pakhomo pagona njala, ndikudziwa. Yambani mwafunsa ku chipatala cha boma ku Chikwawa ngati pali tsiku limene ambulansi imatenga odwala otumizidwa ku Blantyre. Ku Queens chithandizo n'chaulere, chimene chimadya ndalama ndi mayendedwe ndi chakudya cha womudikirira. Atenge kalata ija, buku lake la kuchipatala lomwe analembamo za dzino lozulidwa, ndi mapaketi a mankhwala onse amene anamwa, ngakhale opanda kanthu. Za mphini ndi mankhwala achikuda anene, palibe amene akamumange. Afike m'mamawa pakati pa sabata, akonzekere kugona kwa wachibale, chifukwa kujambula ndi kudula kanyama sizichitika tsiku limodzi nthawi zonse.

Zotsatira za ku labotale zimatenga masabata angapo, ndipo apa ndi pamene odwala ambiri a kuno amasowera. Amabwerera kumudzi, palibe wowaimbira, iwo n'kuganiza kuti kukhala chete ndiye kuti palibe vuto. Asanachoke afunse nambala ya kanyama kake ailembe m'buku, afunse tsiku lobwerera, asiye manambala a foni awiri, yake ndi yanu. Tsikulo likakwana apite, amuimbira kaya sanamuimbire. Podikira asiye kufinya kapena kuthowa chotupacho ndi madzi otentha, azitsuka m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere. Akayamba kutentha thupi, kulephera kutsegula pakamwa kapena kumeza malovu, kapena pansi pa lilime pakatupa mpaka lilime kukwera, musadikire tsiku la m'buku, mupite naye ku chipatala chapafupi usiku womwewo.