Funsani Adokotala: Kabowo ka mu mtima nkumayambitsa sitiroko?

FUNSO: Adokotala, achimwene anga a zaka 34 amakhala ku Johannesburg, chaka chatha anadwala sitiroko koma BP alibe, shuga alibe, fodya sasuta. Atawaunika akuti ali ndi kabowo mu mtima ndiye akufuna akatseke podzera m'mphechepeche osang'amba pachifuwa. Zimatheka zimenezi? Amayi kuno akukanitsitsa, akuti mtima saseweretsa. Mlongo wodandaula, Ntcheu.

YANKHO: Zimatheka ndithu achemwali. Kabowoko madokotala amakatcha PFO ndipo tonsefe tinabadwa nako, mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo ndiye magazi amadutsira pamenepo, pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima. Akabadwa kamatsekeka kokha, koma mwa anthu 4 aliwonse mmodzi sikatsekeka kwenikweni, ambiri mpaka kukalamba nako osadziwa nkomwe. Vuto ndi pamene kachidutswa ka magazi oundana kachoka m'mitsempha, mwachitsanzo ya m'mwendo, m'malo mokakodwa kumapapo kamazembera pa kabowoko nkukatseka mtsempha wa ku ubongo, basi sitiroko.

Potseka amabaya mtsempha wa m'mphechepeche nkulowetsa kachubu kowonda mpaka kumtima uku akuonera pa sikirini, kenako amatulutsa kachipangizo konga timaambulera tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo, nkupana bowolo pakati. Ola limodzi kapena kuchepera yatha, ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake, pakapita miyezi mnofu wa mtima umakakuta. Koma aspirin amamwabe, asadzasiye mwaokha ayi.

Mu 2017 munatuluka zotsatira za kafukufuku atatu akuluakulu, RESPECT, CLOSE ndi REDUCE, zoonetsa kuti kutseka kumachepetsa sitiroko yachiwiri kuposa mankhwala okha, komatu awa anali anthu osapitirira zaka 60 amene chifukwa china cha sitiroko sichinapezeke. Ine pamenepa mpomwe ndimalimbikira, kupeza kabowo sikutanthauza kuti ndiko kanalakwa. Achimwenewo afunse ngati anawayeza HIV, kagundidwe ka mtima ndi ma valve (tizitseko ta mu mtima toletsa magazi kubwerera m'mbuyo), poti kwathu kuno zimenezi zimagwetsa achinyamata ambiri ndithu.

Amayi sakulakwa kuopa, zovuta zilipo, ena mtima umagunda mosalongosoka masabata oyamba ngakhale nthawi zambiri zimatha, ena amatupa pobayidwa paja. Ngati zoyeza zonse zili bwino ine ndingati atseke. Tsiku lokaonana ndi adokotala awaimbire amayi pa WhatsApp, inu muzimasulira, afunse okha zonse zili kukhosi.