Za The Vampire Diaries, kuimaima kwa ma episodi ndi nkhani ya Lachisanu ija

Asisi, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati mwamaliza sizoni 6 ya The Vampire Diaries, nde munapita kukawerenga ndemanga zakale za anthu amene ankaonera nthawi imene inkaulutsidwa pa TV, mwapeza anthu akungokalipa, ena akuti tchanelo inkawazunza poimitsaimitsa sewero, ena akuti anaisamutsira Lachisanu chifukwa inali itatha mchere Elena, mtsikana amene nkhani inkazungulira pa iye, atachoka, nde mukufunsa ngati kuli phindu kupitiriza sizoni 7 ndi 8. Ine ndikuti pitirizani, osasiyira panjira. Koma ndikufuna mumvetse kaye kumene mkwiyo wa anthu aja unkachokera, chifukwa mbali yaikulu siinali ya nkhani ya mavampayawo ayi, inali ya kalendala ya TV ya ku America, ndipo inuyo amene mukuonera pano motsatizana zimenezo sizikukukhudzani.

Seweroli linayamba pa 10 Seputembala 2009 pa tchanelo ya The CW, linkabwera Lachinayi 8 koloko madzulo, kamodzi pa sabata basi. Tsopano chaka cha TV kumeneko chimayamba cha m'Seputembala kapena Okutobala nkutha m'Meyi, amenewo ndi masabata opitirira 30, pamene sizoni imodzi inali ndi ma episodi 22 (sizoni 4 yokha ndi imene inafika 23). Werengani nokha, masabata ambiri amatsala opanda kanthu. Nde masabata otsalawo ankawadzaza ndi kubwereza ma episodi akale kapena kungoika china chake. Kupuma kwakukulu kunkakhala kwa Disembala mpaka Januwale, koma panalinso tina tating'onoting'ono, mumaonera masabata atatu otsatizana kenako zii masabata awiri kapena atatu. Komanso pali holide yawo ya Thanksgiving imene imagwa Lachinayi lachinayi la Novembala chaka chilichonse, ndiye kuti sewero la Lachinayi sabata imeneyo limangokhala lopuma.

Ndipo sikuti ankangodula mwachisawawa. Kampani ya Nielsen imene imawerenga anthu oonera TV kumeneko inali ndi miyezi yapadera yoyeza mozama, Novembala, Febuluwale, Meyi ndi Julayi, ndipo mitengo ya ma adiveti inkadalira kwambiri manambala a miyezi imeneyi. Nde tchanelo iliyonse inkasunga ma episodi otentha kuti agwere m'miyezi imeneyo, nchifukwa chake kupuma kwina kunkagwera Malichi ndi Epulo, nthawi imene nkhani yafika pokoma. Kuwonjezera apo ma episodiwo sankakhala atajambulidwa onse kale, ankajambula ku Georgia, tauni ija mumaiona ngati Mystic Falls ndi Covington kufupi ndi Atlanta, ndipo kujambula episodi imodzi kumatenga nthawi yoposa sabata, ndiye popanda kupuma pa TV akanawapeza m'njira asanamalize.

Tsopano taganizani munthu amene akuonera motero. Inuyo pamapeto a sizoni 1 pamene tinazindikira kuti amene wapsompsonana ndi Damon pakhonde paja si Elena koma Katherine, kenako nkulowa kukhitchini nkudula zala za John Gilbert, munangodina batani nkupita pa episodi yotsatira eti? Anthu aja anadikira kuchoka Meyi mpaka Seputembala 2010. Pamapeto a sizoni 3, Elena atamira pa Wickery Bridge nkutsegula maso mwadzidzidzi paja, inali Meyi 2012, ndipo sizoni 4 inadzayamba Okutobala, miyezi isanu munthu akungoganiza kuti kaya akhaladi vampaya kapena apeza njira yomubwezera. Miyezi isanu imeneyo anthu sankakhala chete, ankakangana, kulemba maganizo awo ataliatali, kupanga timavidiyo, kumutumizira Julie Plec, mmodzi mwa amene anayambitsa seweroli, mauthenga pa Twitter usiku ndi usana. Ndemanga zimene mwawerengazo zinabadwira mmenemo, mwa anthu amene anali ndi nthawi yochuluka yosinkhasinkha chinthu chimodzi.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti kudikira kuja kunali ndi mbali ziwiri ndipo ndimazimva zonse. Kunkakulitsa chikondi, zoona, chifukwa gulu la Delena (ofuna Damon ndi Elena) ndi gulu la Stelena (ofuna Stefan ndi Elena) silikanafika pamene linafika pakanakhala kuti onse anamaliza sizoni pa wikendi imodzi. Koma kunkakulitsanso chilichonse chokhumudwitsa. Nkhani ya sire bond ya mu sizoni 4 ija, pamene zinaoneka kuti mwina Elena akumvera Damon chifukwa cha magazi ake osati chikondi chenicheni, inu munaidutsa mwina m'masiku awiri atatu nkuona mmene inathera. Anthu aja anakhala nayo miyezi, a Delena akumva kuti aberedwa chinthu chimene anachidikira zaka zitatu, a Stelena akuti mwaona tinkanena, ndipo pakati pake nkubwera kupuma kwa Khirisimasi. Munthu ukamamwa mankhwala owawa pang'onopang'ono amawawa kuposa kungomeza kamodzi, nde ndemanga za nthawi imeneyo muziziwerenga mukudziwa zimenezo.

Madandaulo ena ngoona ndithu ndipo kalendala ilibe nawo mlandu. Mmene olemba ankamuchitira Bonnie mwachitsanzo, nthawi zonse iyeyo ndiye wopereka nsembe, kutaya agogo ake, kutaya mphamvu, kufa kumene, kuti anzake akhale bwino, pamene iye chisangalalo chake ankachipatsa nthawi yochepa kwambiri. Mafani a Kat Graham, amene ankasewera ngati Bonnie, akamakwiya pa zimenezo ine ndimaima nawo mpaka lero, kaya uonere sabata ndi sabata kaya motsatizana zimapwetekabe chimodzimodzi.

Tibwere ku Lachisanu. Nina Dobrev, amene ankasewera ngati Elena, analengeza mu Epulo 2015 kuti sizoni 6 ndi yomaliza kwa iye, ndipo mwaona kale mmene anamuchotsera, Kai kumanga moyo wa Elena ndi wa Bonnie. Sizoni 7 inayamba Okutobala 2015 ili pa Lachinayi pomwe paja, koma pofika Januwale 2016 The CW inapereka malo a Lachinayi 8 koloko kwa sewero latsopano la DC's Legends of Tomorrow, ndipo The Vampire Diaries pamodzi ndi The Originals, sewero la Klaus ndi Elijah limene linachokera ku lomweli, anazikankhira Lachisanu kuyambira pa 29 Januwale. Kwa munthu wa ku America nkhani imeneyi inamveka ngati uthenga wa maliro, chifukwa Lachinayi ndi usiku wa ndalama, makampani a mafilimu ndi masitolo amalipira kwambiri kuti akope anthu wikendi isanayambe, pamene Lachisanu madzulo achinyamata amene The CW inkawafuna kwambiri sakhala pakhomo, ndipo kwa zaka zambiri usiku umenewu unkadziwika kuti ndi kumene amatayako masewero oti atsala pang'ono kuthetsedwa. Nde mafani ataona Lachisanu sanafunikenso kuuzidwa.

Koma amene amanena kuti Elena atachoka anthu anathawa ndiye tchanelo nkuitaya akudumpha zinthu zingapo. Manambala anali atayamba kale kutsika Elena ali momwemo. Episodi yoyamba ya 2009 inaonedwa ndi anthu pafupifupi 4.9 miliyoni, imene inali mbiri ku The CW nthawi imeneyo, ndipo pofika sizoni zomaliza inkazungulira pa miliyoni imodzi, koma kutsikako kunachitika pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo sikunali kwa sewero ili lokha, TV yonse ya ku America inkataya achinyamata. Anthu sanasiye kuonera, anasiya kuonera 8 koloko. Ena ankajambula nkudzaonera mawa, ena pa intaneti, ena ankadikira Netflix, paja The CW inachita mgwirizano ndi Netflix mu 2011. Ndipo kunena zoona tchanelo yomweyo ndi imene inawaphunzitsa kudikira, chifukwa munthu ukakhala pa TV Lachinayi kawiri katatu nkupeza akubwereza yakale, umangoti basi ndidzaonera zonse pamodzi zikatha. Kenako manambala a usiku umenewo akatsika akuti anthu sakuifunanso, nkuisamutsira usiku umene manambala atsikirenso. Zimenezi zimandipweteka chifukwa mlandu umagwera olemba ndi ochita sewero okha pamene mbali ina inali ya okonza ndandanda.

Komanso Lachisanu silipha nthawi zonse. Supernatural, sewero lina la The CW limene m'chaka choyamba cha The Vampire Diaries linkabwera Lachinayi 9 koloko iyo ikangotha, anaisamutsira Lachisanu mu 2010 anthu nkumati yatha, koma inapitirira mpaka 2020, sizoni 15. Ndipo ngati pali sewero la mavampaya limene linazunzikadi ndi ndandanda ndi The Originals, chifukwa sizoni yoyamba inali Lachiwiri, yachiwiri Lolemba, yachitatu inayamba Lachinayi nkuthera Lachisanu, yachinayi anaichedwetsa mpaka Malichi 2017, yomaliza mu 2018 inali Lachitatu. Munthu ungamange bwanji chizolowezi ndi sewero loti chaka chilichonse lasintha tsiku? Koma mpaka lero pali anthu ambiri amene amati Klaus ndi Elijah ku New Orleans anaposa sewero limene linawabereka, ndipo ine sindiwatsutsa kwambiri.

Mafani a masewero a mavampaya anayamba kale kulimbana ndi ma tchanelo pa nkhani zoterezi. Mu 1999 tchanelo ya The WB inachedwetsa episodi yomaliza ya sizoni 3 ya Buffy the Vampire Slayer kuchoka Meyi mpaka Julayi chifukwa cha kuomberana kwa pa sukulu ya Columbine kumene kunachitika mu Epulo, poti munali chiwawa pa sukulu, koma ku Canada inali itaulutsidwa, nde mafani anayamba kugawana matepi. Moonlight ya pa tchanelo ya CBS inayamba 2007 pa Lachisanu, kenako sitiraka ya olemba ya Novembala 2007 mpaka Febuluwale 2008 inaidula pakati, inangokwanitsa ma episodi 16, mafani mpaka anakonza zopereka magazi kudzera ku Red Cross pofuna kuti tchanelo iwamve koma anaithetsabe. Poyerekeza ndi zimenezo The Vampire Diaries inali ndi mwayi waukulu, analengeza mu Julayi 2016 ku msonkhano wa mafani wa Comic-Con ku San Diego kuti sizoni 8 ndi yomaliza, olemba anapatsidwa ma episodi 16 oti amangire nkhani yawo akudziwa kuti akutseka, Kevin Williamson amene anayambitsa seweroli ndi Julie Plec anabweranso kudzalemba nawo mapeto, ndipo inatha pa 10 Malichi 2017 ili ndi ma episodi 171. Masewero ambiri amangodulidwa nkhani ili m'malere.

Za sizoni 7 yeniyeniyo sindikunamizani, chiyambi chake chimalemera. Amabweretsa anthu atsopano ambiri nthawi imodzi, ma Heretics a mayi Lily Salvatore aja, komanso amadumphadumpha kukuonetsani zimene zidzachitike zaka zitatu kutsogolo, nde kwa munthu woonera kamodzi pa sabata ndi kupuma pakati zinali zosokoneza zedi, pofika episodi yotsatira waiwala kuti tili m'nthawi iti. Ndemanga zambiri zoipa za sizoni imeneyi zinachokera pamenepo. Koma motsatizana zimalumikizana bwino kwambiri, ndipo chimene chimandisangalatsa nchoti Elena atachoka nkhani inabwerera pa abale awiri aja, Stefan ndi Damon, mkangano wawo ndi mayi awo, kukhululukirana kumene kumawavuta kuyambira 1864. Kwa ine mtima wa seweroli unali pamenepo kuyambira kale, chikondi cha atatu chija chinkangouphimba. Ubwenzi wa Damon ndi Bonnie umene unayamba mu sizoni 6 umakulanso bwino, ndipo Caroline amapatsidwa katundu wolemera woti asenze.

Sizoni 8 ili ndi zofooka zake, adani ake sanandigwire mtima ngati Katherine kapena Klaus, ndipo pali imfa ina imene mpaka pano ndimaiona kuti inali yosafunika, sinditchula dzina. Koma ndi yaifupi, imathamanga, ndipo Nina Dobrev anabwerera pa episodi yomaliza, zimenezo si chinsinsi poti analengeza okha nthawi isanafike. Mapeto ake anagawa anthu pakati, ena analira mokhutira ena analira mokwiya, ndipo mukadzafika mudzabwere mugulu muno tidzakambirane chifukwa ine ndili ndi mbali yanga.

Langizo langa nloti musaimeze yonse usiku umodzi. Ma episodi amenewa ndi a mphindi pafupifupi 42, analembedwa moti pamene pankalowa adiveti pazikhala kanthu kokusiyani m'mwamba ndipo pothera pazikhala chokudzidzimutsani, nde mukaonera asanu ndi limodzi motsatizana zodzidzimutsazo zimayamba kuoneka ngati zachizolowezi, munthu wafa wadzuka wafanso, mtima sugundanso. Awiri pa tsiku akukwana. Mukafika pa episodi 9 ya sizoni 7 imani kaye ngakhale masiku awiri, imeneyo ndi imene inatseka chaka cha 2015 ndipo anthu anaidikira mpaka kumapeto kwa Januwale, kenako episodi 10 ndi yoyamba ya Lachisanu, yambiri ndi ya Damon ndipo ndi imodzi mwa zabwino za sizoni yonseyo. Komanso chonde siyani kaye kuwerenga ndemanga za pa YouTube mpaka mutamaliza, pansi pa kavidiyo kalikonse ka Stefan kapena Bonnie anthu analembamo kale mapeto onse.