Zoona anapereka ana a mfumu yawo kwa adani?

FUNSO: Akulu, ine ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo ndiye madzulo timaonera mafilimu aku Korea pa foni ya mnzanga. Tinakangana heavy tsiku lina, iye akuti aku Japan atalowa dziko la Korea eni dziko anagwira ana a mfumu yawo nkuwapereka kwa adaniwo, ine ndikuti bodza limenelo. Tatiuzani, akunena zoona ndani? Wowerenga wa ku Bvumbwe

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo sakunama, zinachitikadi mu 1592. Toyotomi Hideyoshi, wolamulira wa Japan nthawi imeneyo, anatumiza asilikali opitirira 150,000, maso ake anali pa China koma njira inali Korea. Anakocheza pa Busan, pasanathe mwezi Seoul yagwa, mfumu ya Korea, Seonjo, yathawira kumpoto. Mkulu wankhondo wa ku Japan Kato Kiyomasa ndi asilikali pafupifupi 20,000 analowera chigawo cha Hamgyong, kumapiri kumpoto chakum'mawa.

Tsono kumeneko anthu anali ndi mkwiyo kale, boma linkatayirako olakwa, msonkho wolemera, maudindo akuluakulu mwana wa kumeneko osawanunkha, ndiye ana awiri a mfumu, Imhae ndi Sunhwa, atafika kudzasonkhanitsa ankhondo owaperekeza awo anayambanso kuzunza anthu ndi kulanda katundu. M'tauni ya Hoeryong kalaliki wina wa ku Korea komweko, Guk Gyeong-in, anawamanga zingwe nkuwapereka kwa Kato. Ine sindikumuikira kumbuyo, koma mtima wa munthu wotopa ndimaumva.

Chikondi chake sichinakhalitse ayi. Aku Japan anayamba kutolera mpunga wa msonkho mokakamiza, anthu anaona kuti athawa mvula nkugwera mu mtsinje. Mkulu wina wa boma la Korea, Jeong Mun-bu, anasonkhanitsa anthu wamba odzipereka, Guk uja anaphedwa, ndipo aku Japan anapanikizidwa mkati mwa linga la Gilju. Kenako kuzizira. Inu mukudziwa chiperoni cha mu Julayi zala zikaumira pa tsamba la tiyi mmamawa, kumeneko ndi zina, madzi amauma gwa ngati mwala, msilikali wotuluka kukatola nkhuni ankapeza akumudikirira panja. Kumayambiriro kwa 1593 Kato anabwerera ku Seoul, ana a mfumu aja anawamasula chaka chomwecho.

Mwala wachikumbutso cha kupambana kwa Jeong Mun-bu ndi anthu ake, asilikali aku Japan anaunyamula kupita nawo ku Tokyo mu 1905, unabwezedwa mu 2005, ndipo mu 2006 unakaimikidwanso kwawo ku North Korea.