Yankho: aliyense akasankha msewu wachangu kwa iye yekha, timataya nthawi yochuluka bwanji?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake magalimoto amathithikanabe pamene Google Maps imapatsa aliyense njira yachangu. Vuto ndi loti dalaivala amawerengera nthawi yake yokha, osati mphindi zimene akuwonjezera kwa amene ali kumbuyo kwake.

Chitsanzo chochokera kwa katswiri wa zachuma Pigou, cha mu 1920, chimaonetsa bwino. Pali misewu iwiri. Waukulu umatenga mphindi 60 nthawi zonse. Wachidule ndi wopapatiza: theka la magalimoto likalowamo umatenga mphindi 30, akalowa onse umatenga 60. Aliyense amathamangira wachidulewo, ndiye onse amatha mphindi 60. Akanagawikana pakati, avereji ikanakhala 45. Gawani 60 ndi 45, mupeza 4/3, kutanthauza kuti ulendo watalika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 2002 akatswiri a sayansi ya makompyuta Roughgarden ndi Tardos anatsimikiza kuti ngati kuchedwa kukukula molingana ndi kuchuluka kwa magalimoto, kutayako sikungapose pamenepo, misewu ichuluke bwanji. Kutaya kumeneku, kobwera chifukwa aliyense akudzisankhira yekha, akatswiri amakutcha price of anarchy.

Koma masamu amenewo alibe wotchi, saganizira nthawi imene munthu amanyamuka, ndipo apa ndi pamene ine ndimaona kuti pali nkhani yeniyeni. Mu 1969 katswiri wina wa zachuma, Vickrey, anaganizira za malo amodzi opanikiza, monga mlatho, anthu onse akufuna kufika kuntchito nthawi imodzi. Mlathowo sungadutsitse magalimoto oposa mlingo wake, choncho ena ayenera kulawirira, ena kuchedwa. Zimenezo n'zosapeweka. Koma mzere umene amaimapo ndi nthawi yongotayika, ndipo m'masamu akewo ndi theka la mtengo wonse wa ulendowo. Msonkho wolipira podutsa pamlathowo, wokwera pa nthawi ya chipwirikiti, umauchotsa mzerewo. Mzinda wa Stockholm ku Sweden unayesa msonkho wotere mu 2006, magalimoto olowa m'tauni anatsika ndi pafupifupi 20 peresenti.