Achimwene, musalowe m'ngongole chifukwa cha foni

Bambo wina wanditumizira imelo sabata ino. Akuti foni yawo yayamba kuzima yokha, ndipo anzawo akuwauza kuti asavutikenso ndi zotchipa, angotenga iPhone kapena Galaxy S yatsopano, ngakhale pa ngongole. Akufunsa ngati mafoni odulawa ndi oyeneradi mtengo wake.

Achimwene, mwandikhudza pachilonda, chifukwa inenso ndinakhalapo ndi foni yapamwamba. Sindinama, ndinaikonda. Zithunzi za usiku zinkatuluka zooneka bwino, mapulogalamu ankatseguka ndisanachotse n'chala chomwe pagalasi. Koma ndinkaisunga ngati dzira. Ndikaiika patebulo, diso lili pomwepo. Mwana akaipempha kuti aonere zidole, mtima m'mwamba. Tsiku lina ndinawerama kuti ndimange zingwe za nsapato, iyo n'kupulumuka m'thumba la malaya, galasi n'kung'aluka kuchokera pakona mpaka pakati. Nditafunsa zosintha galasi lokhalo, ndalama yake inali yokwana kugula foni ina yabwinobwino. Ndinapitiriza kuigwiritsa ntchito choncho, chala chikukhula pamng'alu nthawi iliyonse ndikamalemba uthenga.

Ndipo ndinkachita nayo chiyani foniyo? WhatsApp, Facebook, YouTube, kuyimbira anthu, basi. Zomwezo n'zimene mlongo wanga ankachita pa foni yake yamtengo wapakatikati, amene ankangoiponya m'chikwama pamodzi ndi makiyi popanda nkhawa.

Chimene chimandikwiyitsa n'choti tinazolowera msanga. M'chaka cha 2017, Apple itatulutsa iPhone X pa madola 999, anthu anadandaula kuti foni singadule choncho. Lero mtengo umenewo sudabwitsanso aliyense. Komanso mtengo ukamakwera, zina zimachoka. Pa iPhone 7 ya 2016 anachotsa kabowo kolumikizira mahedifoni. Mu 2020 iPhone 12 inabwera yopanda mutu wa tchaja m'bokosi, ndipo Samsung inatsatira mu 2021 pa Galaxy S21. Pomwe mafoni ambiri otchipa akadali ndi kabowo kaja, ena ali ndi malo a memori khadi. Wolipira zambiri ndiye akukagulanso tchaja padera!

Ndinene mosapsatira: gawo lalikulu la ndalamazo mukugula ulemu. Mukufuna kuti mukaitulutsa pagulu anthu aone makamera atatu aja kumbuyo. Si tchimo ayi, munthu ali ndi ufulu wosangalala ndi thukuta lake. Koma ulemu wa pa ngongole ndi wowawa, chifukwa chaka chamawa ituluka ina, yanu n'kukhala yakale musanamalize kubweza. Anzanu amene akukulimbikitsaniwo sadzakuthandizani kulipira.

Ena amati yodula imakhalitsa. Pamenepo pali choonadi pang'ono. Google inalonjeza kuti Pixel 8 ya 2023 izilandira maapudeti kwa zaka 7, Samsung nayo inatero pa Galaxy S24 mu 2024. Maapudeti amenewa ndi amene amatseka mipata yolowera akuba a pa intaneti, ndiye si nkhani yocheza. Komabe batire silidziwa za malonjezowa. Apple yomwe imanena kuti batire la iPhone 15 limatsala ndi mphamvu pafupifupi 80 peresenti likatchajidwa modzaza ka 1,000. Munthu wotchaja tsiku ndi tsiku adzalisintha zaka 7 zisanakwane. Ndipo zapakatikati nazo zayandikira: Pixel 8a anailonjeza maapudeti a zaka 7 zomwezo, Galaxy A16 a zaka 6.

Ndiye mugule iti?

Ngati mumadyera pa kamera, kujambula mavidiyo a malonda kapena zithunzi za makasitomala, gulani yapamwambayo, ndi chida cha ntchito ndipo idzabweza ndalama yake. Ngati si choncho, tengani yapakatikati, kapena yapamwamba ya chaka chatha imene yatsika mtengo. Funsani kuti izilandira maapudeti mpaka liti, malo osungira zinthu asachepere 128GB, ndipo muiveke kava ndi galasi lotetezera tsiku lomwelo. Musanapite kukagula, kaonetseni kaye foni yanu ikuzimayo kwa okonza. Nthawi zambiri vuto lotere limakhala batire lotha, ndipo kusintha batire sikufuna ngongole.