Ukuloweza zinthu zimene umaziona tsiku ndi tsiku

Mtsikana wa Fomu 3 ku Phalombe wandilembera kalata ali ndi nkhawa. Akuti pa mayeso anafunsidwa chifukwa chake zovala zimauma pachingwe chikhalirecho madzi ake sanawire. Iye analemba tanthauzo limene analoweza, n'kulakwa funso lonse. Tsopano akuopa MSCE, pomwe bambo ake anauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo adzakhala dokotala.

Makalata otere ndalandira ambiri, ndipo nthenda yake ndi imodzi: kuloweza osamvetsa. Mwanawe, madzi amawira pa madigiri 100, koma sadikira kuwira kuti asanduke nthunzi. Madzi ndi mamolekyu (tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso) osawerengeka amene sakhala phee, ndipo ena amathamanga kuposa anzawo. Othamanga kwambiri akafika pamwamba amadzimasula n'kulowa mumpweya. Dzuwa limawonjezera liwiro lawo, mphepo imachotsa chinyezi chimene chaunjikana pamwamba, ndipo chitenje choyanika bwino chimauma msanga kuposa chopindapinda chifukwa malo othawira ndi aakulu. Mpweya ukakhala kale ndi chinyezi, monga masiku a chiperoni, zovala zimatha masiku awiri zili zonyowa.

Popeza othawawo ndi amphamvu, otsala amazizira. N'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira bwino, ndipo thukuta limatiziziritsa. Sipiriti imene amakupaka asanakubaye jakisoni imauma pompopompo chifukwa mamolekyu ake sagwirana mwamphamvu ngati a madzi.

Ndiye iwe uli ku Phalombe, pafupi ndi nyanja ya Chilwa, yosaya komanso yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imene inaphwa mu 1995 n'kudzaphweranso kwambiri mu 2018. Umayesa madziwo anapita kuti? Ngakhale nyanja ya Malawi imataya madzi ambiri ngati nthunzi kuposa amene amatuluka kudzera mu Shire.

Za udokotala ndisakunamize. Malo ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa za udokotala, ndi ochepa, amalimbirana ndi amene akhoza bwino kwambiri sayansi ndi masamu, ndipo mmene ukuphunzirira panopa sungafikeko. Bambo, inunso lekani kuvala chovala cha mwana chisanasokedwe. Mantha amene mukumupatsa ndi amene akumuchititsa kuloweza.

Chimene ndingakonde uganizire ndi maphunziro a madzi ndi nyengo. Ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo, amaphunzitsa za nyengo, ndipo ku yunivesite ya LUANAR, ku Bunda, kuli za ulimi wothirira. Amene amawerengera madzi othawa m'damu kapena m'munda wa mpunga mu Okutobala amafunika kwambiri kwanu komweko, ndipo si ntchito ya olephera.

Ukadali ndi chaka chathunthu, sizinaipiretu. Mawa m'mawa thira madzi ofanana m'mbale ndi m'kapu, uziike padzuwa, madzulo ukaone. Ulembe m'mawu akoako chifukwa chake m'mbalemo mwatsala ochepa, ukawaonetse aphunzitsi ako Lolemba.